Chingwe cha pa Mtengo wa Mango

"Lumo ili silikhudza mutu wa munthu lero," anatero Frackson, n'kulibwezera m'thumba la jekete yake ya ku Joni.

Elestina anali atakhala kale pamphasa, duku lili pamiyendo. Panali patapita masiku asanu chiikireni mwamuna wake Ezekiel, ndipo ili linali tsiku loti akuchimuna amumete ndi kumusudzula. Popanda zimenezo akanakhala namfedwa womangika, wosaloledwa kupita kumsika ku Namitambo ngakhale kuthira mchere m'ndiwo za ana ake.

"Achimwene, mwafika dzulo. Yambani mwamva," anatero Dora, mlongo wawo wamkulu wa Frackson ndi malemuwo.

"Ndamva kale, achemwali! Ine ndayenda. Bulawayo ndamupondaponda, mgodi wa ku Joni ndaulowa mpaka kumene dzuwa silikudziwako. Koma sindinaoneko mkazi womangirira mwamuna wake pamtengo ngati mbuzi. Mng'ono wanga, msilikali wathunthu, kufa ali ndi chingwe kumwendo?"

Elestina anayankha osadzutsa mutu.

"Alamu, ine ndatopa. Abale anu anabwera kunkhondo ya ku Burma ndi mizinga m'mutu. Ankati chamba chimaikhazika chete. Chikaikhazika lero, mawa imabwera iwiri. Ndiye kachasu, kuti agone. Abusa anapemphera. Kwa asing'anga ku Mauwa tinapita kawiri. Mabotolo ndinkabisa, iwo ankakagula ena ndi nkhuku."

"Ndiye mankhwala ake chingwe?"

Elestina anadzuka ngati nkhalamba, n'kulunjika kumtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe. Awiriwo anamutsatira. Chingwe cha khonje chinali chikadali pomwepo, ndipo pansi pa mtengo panali pogumuka mozungulira, monga pamene pamagona mbuzi.

"Masulani," anatero Elestina.

Frackson anakwinya buluku n'kugwada. Atagwira mfundoyo, zala zake zinaima. Inali mfundo imene bambo awo anawaphunzitsa pomanga mabelo a fodya kuesiteti, koma yopotokera kumanzere. M'banja lonse wamanzere anali Ezekiel yekha.

"Chaka chatha anadzutsira mwana wathu Ruth khasu," anatero Elestina. "Mwana wa zaka zinayi. Ankamuona ngati Mjapani. Mutu utabwerera, analira tsiku lathunthu, kenaka anakadula khonje n'kupota okha chingwechi. Akamva kuti zikubwera ankati, 'Amake Ruth, ndikupita kuntchito.' Kachasu anamulephera kusiya, alamu. Ankapita naye pamtengo pomwepa."

"Akanatha kumasula nthawi ina iliyonse," anatero Frackson, koma mawu a ku Joni aja anali atamuthera.

"Ndiye mwaonatu," anatero Dora.

Frackson anadzuka. Kenaka anapisa m'thumba n'kupereka lumo kwa Dora, osayang'ana aliyense.

"Kawameteni alamu anga, achemwali. Kwawo n'kuno, ana ndi awo. Ife tilibe nawo mlandu."

Elestina sanathokoze. Anawerama n'kutola nsonga ya chingwe, ija inkakhala kumwendo, n'kuyenda nayo cha kunyumba mpaka chingwe chinakungika. Chinathera patali ndi khonde ngati mapazi asanu. Pamenepo panali kabango kakatali, ndipo m'mphepete mwa khonde munali mutandandalika ng'ombe zadothi zisanu ndi imodzi, ina yothyoka nyanga.

"Masiku abwino ankaumbira Ruth ng'ombezi ali pomwepa, n'kumamukankhira ndi bangoli," anatero Elestina.

Pansi, pamene chingwe chinathera, panali ng'ombe ina yosamalizidwa, ya miyendo itatu. Elestina anatola bango lija, n'kuikankha pang'onopang'ono pafumbi mpaka inakafika pa zinzake.