Khoti la m'shopu yometera

"Tatiuza bwinobwino. Ukamaliza udzakhala loya kapena ayi?"

Anafunsa ndi bambo aang'ono, atakhala pampando wometera wa malemu mkulu wawo. Maliro anali atatha, alendo atabalalika, ndipo banja linatsegula shopu kuti lione chochita ndi katundu. Mayi ankapukuta galasi lomwe linali loyera kale. Jaji, mtsikana yemwe anali mwana yekhayo wa malemuwo, ankalongedza zipeso m'katoni. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake akadali kamwana, chifukwa cha makani.

"Osati pompopompo," anayankha Jaji. "Malamulo timaphunzira, koma pamodzi ndi mbiri yakale, zachuma ndi kakhalidwe ka anthu. Kuti ndikaime m'khoti mpaka nditawonjezera sukulu ina."

"Aa! Ndiye kuti mkulu wanga wapita akudikira loya, iwe uku ukuphunzira kasakaniza? Ukabwerera kuyunivesite Lolemba ukasinthe. Ukayambe malamulo enieni, a mkanjo wakuda. Ndi zimene akanafuna."

Sanali munthu woipa bambo aang'onowo. Pamaliro analira ngati mwana. Kungoti pakamwa pawo panalibe chitseko, ndipo ulendo uno mawu awo anagwera pachilonda penipeni. Chilandirireni uthenga, Jaji ankavutika ndi funso lomwelo. Anawafotokozerapo bambo ake za maphunzirowo kamodzi, m'shopu momwemo, makina ometera akulira. Iwo ankangogwedeza mutu, "Eya, eya, Jaji wanga." Kodi anamva? Maphunziro akewo ankawakonda ndi mtima wonse, koma ngati bambo anapita akudikira mkanjo, iye anali wokonzeka kuwasiya.

"Ndamva, bambo," anatero. "Ndikasintha."

Mayi anasiya kupukuta, koma asanatsegule pakamwa chitseko chinalira. Analowa amuna awiri, makasitomala akalekale: makanika wa pagalaja yapafupi ndi dalaivala wa basi. Anapepesa, nakhala pabenchi, aliyense pamalo pake ngati panalembedwa dzina. Patapita kanthawi makanika anakanda m'mutu.

"Pepani, mwina si nthawi yake. Koma mlandu uja watsala m'malere."

"Mlandu wanji?" Bambo aang'ono anadzidzimuka. "Mkulu wanga anali ndi mlandu?"

"Wa njira uja," anatero dalaivala, akuyang'ana Jaji. "Anthu akhala akudutsa papuloti ya munthu kuyambira kalekale popita kumsika. Wabwera mwini watsopano, wamanga mpanda. Njirayo ndi ya ndani?"

Chipeso chinagwa m'manja mwa Jaji. Limeneli linali funso la m'kalasi mwawo. Lamlungu lililonse bambo ake ankaimba foni n'kufunsa, "Sabata ino akufunsani chiyani aphunzitsi?" Iye ankayesa kuti ndi macheza chabe a kholo losowa mwana.

"Inu simukudziwa?" Makanika anaseka, akuyang'ana Jaji. "Muno munali khoti, achemwali. Ukakhala pampandopo amakufunditsa nsalu, n'kukumeta mbali imodzi bwinobwino, kenako makina thi! Funso. Ukapanda kuyankha, tuluka ndi mutu wako wa theka anthu akakuone."

"Ine ndinachedwapo kunyamuka ndi basi chifukwa cha ndevu za mbali imodzi," anatero dalaivala. "Ndipo ukayankha kuti lamulo likutero, amvekere, 'Zimenezo n'za pepala. Nanga mayi wosenza katundu akazungulire kuti?' Ukati njira ndi ya anthu, amvekere, 'Nanga wogula puloti uja analakwanji?' Munthu wovuta! Pa mlandu uwu tinakangana mpaka iwo anati tidikire Jaji abwere."

"Mwamva?" Bambo aang'ono anamenya dzanja pampando. "Ankadikira loya wawo."

"Loya? Musatchule liwu limenelo muno, akulu," anatero makanika. "Ine ndinayerekeza tsiku lina kunena kuti mwana wanu loya uja ali bwanji. Anandizimitsira makina pakati pa mutu penipeni. Amvekere, 'Loya amakuuza zimene lamulo likunena. Wangayo akuphunzira kufunsa kuti analilemba ndani, anali wokhuta kapena wanjala, ndipo likupweteka ndani. Mkanjo adzaupeza akaufuna, suthawa.'"

Jaji anakhala pansi pafupi ndi katoni ija n'kulira, kulira kwenikweni kumene kunakana kutuluka pamaliro. Anamva! Makina akulira choncho, bambo ake anamva zonse.

"Ndimayesa ukudziwa, mwanawe," anatero mayi, akumusisita pamsana. "Usiku ankandiyeserera ine mafunso akowo. Ine ndinkangowauza kuti mutu wanga sumetedwa, andisiye ndigone."

Bambo aang'ono anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Iwo ankakhala kutali, ndipo ankameta kwina, kumashopu a magalasi ambirimbiri. Mkulu wawo ankawaseka nazo nthawi zonse.

"Sanandiuzepo ine zimenezi," anang'ung'udza.

"Akanakuuzirani kuti, alamu, pampando pawo simunkakhalapo?" anatero mayi. Anatenga nsalu yakuda yomwe inali pamsomali, naikutumula. Titsitsi ta anthu tinauluka padzuwa. "Koma lero mwakhalapo nokha. Ndipo tsitsilo lakula."

Asanakane, nsalu inali itamangidwa kale m'khosi. Mayi anatulutsa makina m'katoni n'kupatsa Jaji. Mwana wokulira m'shopu saiwala. Anathira kadontho ka mafuta pamano a makinawo, nawapukuta pachikhatho monga ankachitira bambo ake, n'kuyamba kumeta kuchokera kukhutu lamanja. Anameta mofatsa, misozi isanaume, mpaka mbali yonse inayera.

Kenako makina thi!

Pabenchi paja amuna awiri aja anakhala bwino, akugwedezana ndi zigongono. Bambo aang'ono anadziyang'ana pagalasi, mbali iyi mbee, mbali iyo tchire. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira.

"Chabwino, chabwino. Lolemba ubwerere kukasakaniza wakoyo, usakasinthe kanthu. Tsopano malizitsa, mwana wa mkulu wanga, anthu angandione."

Jaji anapinda manja, makina ali m'dzanja, mutu ataupendeketsa pang'ono. Mayi ataona kaimidwe kameneko, ka malemu amuna awo ndendende, anatembenukira kukhoma.

"Yankhani kaye, bambo," anatero Jaji. "Njirayo ndi ya ndani?"