Tonse Titsike, Tikankhe

Mawu aja mukuwadziwa. Ali pazikwangwani, pamalaya achipani, ngakhale pachikuto cha mabuku a ana asukulu: "Tonse titsike, tikankhe." Aphunzitsi amati a Nduna a Zamisewu anawayankhula dziko litatitimira m'mavuto.

Chinatitimira si dziko. Inali galimoto, ndipo dalaivala wake anali bambo anga.

Inali nthawi ya kampeni, mvula itavumba sabata yathunthu. Galimoto inamira m'matope mpaka m'zitseko. Bambo anatembenuka n'kunena kuti, "Mabwana, apa nzeru ina palibe. Tonse titsike, tikankhe." Mlembi wa a Nduna anagwira chiwongolero, ena onse anatsika. A Nduna anatsala mkati, ati nsapato zinali zatsopano. Bambo anakankha galimoto ndi mwini wake yemwe, anaterereka, msana n'kulira kuti thwa! Masana omwewo a Nduna, atasowa chonena pamsonkhano, anatola mawu a bambo n'kuwaponyera khamu. Anthu anapenga nawo.

Bambo sanagwirenso chiwongolero. Amayenda chowerama, ngati akufunafuna singano.

Mwezi watha mlembi uja anatulukira kwathu, mimba ili patsogolo. Anakana mpando wathu atauyang'ana miyendo.

"Madala, mwayi wanu," anatero. "Tikutsegulira chipilala pamalo pomwe paja, chosonyeza a Nduna atatsamiza phewa pagalimoto. Tikufuna mboni. Mukangonena kuti munawaona akukankha."

"Akukankha chiyani?" ndinalowerera. "Mpando ndi matako?"

"Mwana wanuyu pakamwa," anatero mlembi, osandiyang'ana. "Mukanena bwino, opaleshoni ya msana ikuchitikirani kuchipatala cha akuluakulu."

Atachoka ndinamenyetsa chitseko. "Bambo, anakuberani mawu, anakuberani msana, lero mukawapatsenso bodza?"

"Iwe, msanawu ndi wako?" anandifunsa. "Usiku ukamaliza nkonono, ine ndimakhala ndikuluma pilo. Ndisitire malaya."

Tsikulo anatikweza m'galimoto ya a Nduna momwe, bambo kutsogolo kuti makamera awaone. A Nduna sanawakumbuke. "Ndiye awa ndi ndani?" anafunsa.

"Dalaivala uja, bwana," anatero bambo. "Ndinapereka msana wanga pamsewu uno."

A Nduna anayang'ana mlembi. Mlembi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Msewuwo, wa a Nduna a Zamisewu, unali chikhalire. Chipilala chikuonekera chapoteropo, chokutidwa ndi nsalu, kwaya ikuimba, galimoto inangoti phwa! M'matope omwe aja.

Khamu linathamangira kwa ife. Mtolankhani wina wamkazi analowetsa maikolofoni pawindo. "Agogo, tiuzeni za tsiku lija."

Ndinatseka maso kuti ndisaone manyazi. Koma bambo ananama, abale, ananama mpaka ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

"Woyamba kutsika anali bwanawa," anatero. "Anavula jekete, anaponda matope ndi nsapato zatsopano. Ife tikati tithandize, amatikalipira: 'Chokani, ndiyambe ndine!' Munthu uyu akaona galimoto yotitimira magazi amawira. Muona nokha." Kenako anatembenuka mwaulemu. "Bwana, ngati tsiku lija."

"Titsike! Tikankhe!" khamu linayamba kukuwa. Kwaya inalandira. Makamera onse analoza chitseko chakumbuyo.

A Nduna anatsika ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Anafunafuna pogwira, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anawalozera: "Kumbuyo, bwana, galimoto amakankhira kumbuyo!" Anatsamiza phewa. Dalaivala anaponda moto, tayala linazungulira n'kuwamwaza matope kuyambira kumaso mpaka kutayi. Anakankhanso. Kenako tonse tinamva: thwa!

Bambo anali mkati, manja pamiyendo, nsapato zawo zouma.

M'mawa mwake a Nduna anawakweza ndege kukachitidwa opaleshoni ya msana kunja. Ife tinapita kuchipatala cha akuluakulu chija. Mlonda wapageti anati za bambo sanauzidwe. Foni ya mlembi inkangoitana. Ndinatola mwala, bambo anandigwira dzanja.

"Utaye. Ukamangidwa andisambitsa ndani?"

Dzulo ndimawaperekeza kokwerera basi, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Anyamata awiri anali pamakwerero, akumata chikwangwani chatsopano. Pachithunzipo a Nduna ali pabedi lachipatala, akumwetulira movutikira, ndipo pansi pake zilembo zazitali kuposa munthu: "Ndinapereka msana wanga pamsewu uno."

Bambo anayesa kuweramuka kuti awerenge, msana unakana.

"Tandiwerengera," anatero.

Ndinawawerengera. Anaseka mpaka misozi, dzanja lili pachiuno.

"Mwanawe," anatero, "kuyambira lero ndikamadandaula uzitseka mawindo. Anthuwa atha kundibera ndi kubuula komwe."