Yisiti ya M'kalata ya Bambo a Lois

Kalata ya kuchipatala itafika, mayi Agatha anaiwerenga katatu ali chiimire. Amuna awo, a Fredson, anali atatha miyezi inayi akutsegula m'mimba, nthawi zina ndi magazi omwe. Madokotala anati ndi matenda a Crohn, otupitsa matumbo, ndipo anawayambitsa jakisoni. Tsopano kalatayo inkanena kuti m'magazi mwawo mwapezeka asilikali a m'thupi olimbana ndi yisiti.

Mayi Agatha anaganiza za mandasi awo. Loweruka lililonse ankakazinga mandasi othira yisiti m'nyumba mwawo ku Mulhuddart, ku Ireland, ndipo a Fredson ankadya asanu nthawi imodzi.

"Bambo a Lois, ndakudwalitsani ndine," anatero misozi ikulengeza. "Jakisoni uja musiye. Pa intaneti ndaonapo mankhwala opha yisiti."

A Fredson anamvera. Lachinayi, tsiku lobaya jakisoni, linadutsa osabaya. Pofika sabata yotsatira anali kulephera kupita kuntchito.

Mayi Scholastica, anansi awo amene ndi nesi kuchipatala cha Beaumont, atabwera kudzazonda anapempha kuona kalatayo.

"Amayi a Lois, khalani pansi kaye. Tonsefe m'matumbo mwathu muli tizilombo ta mtundu wa yisiti. Chitetezo cha m'thupi chimatizindikira, n'kutisiya. Koma mwa anthu ena odwala Crohn chimapsa mtima msanga, ndipo matumbo amatupa. Kalatayi sikunena kuti yisiti yawadwalitsa. Akatswiri akufufuzabe nkhaniyi."

"Ndiye si mandasi anga?"

"Ayi. Chondiopsa ine ndi jakisoni amene mwasiyayu. Ndi amene amaziziritsa chitetezocho. Imbirani nesi wa ku kiliniki yawo lero lomwe."

"Satikalipira?" anafunsa a Fredson chapansipansi.

"Auzeni zoona zokhazokha, achimwene. Ntchito yawo ndi imeneyo."

Mayi Agatha anaimba foni. Nesi wa ku kiliniki sanakalipe. Anawaitana a Fredson m'mawa mwake, dokotala anawayeza, ndipo anayambiranso jakisoni. Anawatumizanso kwa katswiri wa zakudya.

Patatha miyezi iwiri magazi analeka. Lamulungu lina a Fredson anayenda ndi banja lawo pa doko la Dún Laoghaire mpaka kumapeto, osayang'anayang'ana kumene kuli chimbudzi.

Mawu a m'kalata ya kuchipatala akakuopsani, funsani dokotala kapena nesi wanu. Musasiye mankhwala panokha, ndipo musagule ena pa intaneti musanafunse.