Chipinda Chachinayi

Telala wina anafika kuchipatala atagwira mng'ono wake pamkono. Mlonda anafuna kudziwa chavuta. Kalaliki wa pazenera anafunsanso, mokuwa ngati akuitanira basi: "Akuti anagwiriridwa? Ndi ndani?" Onse a pabenchi anatembenuka.

Telalayo mtima unamuwira. Mtsikanayu anatha masiku awiri osatsegula pakamwa asanaulule, lero azifotokoza pa khomo lililonse?

"Pitani chipinda chachinayi," kalaliki anatero.

"Nanga mwatifunsiranji ngati othandiza si inu? Mukufuna zokakamba kunyumba?"

Ali pakhonde anang'amba tsamba m'kabuku kake ka miyezo ya makasitomala, n'kulembapo zonse: tsiku, malo, munthu wake. Atalowa m'chipindamo analiponya patebulo.

"Werengani, mayi. Mwanayu sabwerezanso, watopa."

Namwino anatseka chitseko, pepala lija n'kulikankhira pambali, n'kukhala pafupi ndi mtsikanayo.

"Mankhwala okuteteza ku matenda tikupatsa pompano, nthawi isanathe. Zinazo udzanena ukafuna wekha. Kodi wadya lero?"

Telalayo anafuna kumuyankhira, n'kuzindikira kuti sakudziwa ngati mng'ono wake wadya. Masiku awiri onsewa, nayenso ankangomufunsa kuti ndi ndani.