Kachitini ka Mabatani

Hana anayala kope lake pa tebulo lodulirapo nsalu, pakati pa sizasi ndi choko, nawerenga funso la aphunzitsi: "Dzina lako linachokera kuti, ndipo limatanthauza chiyani?"

Bambo ake, amene anali telala, anaimitsa makina. Tsikulo agogo onse awiri anali m'shopumo kudzayesa madiresi: amayi a telalayo, amene Hana ankawatchula Agogo a Magalasi, ndi apongozi ake, Agogo a Mpango.

"Lemba, mwanawe," anatero Agogo a Magalasi. "Ndi la m'Baibulo, la amake a Samueli. M'Chiheberi ndiye kuti chisomo. Bambo akowa anandiuza okha kuti analisankha polemekeza ine."

"Pepani asewere, magalasiwo akukunamizani," anayankha Agogo a Mpango. "Ndi la Chiarabu, lotanthauza chimwemwe. Mkamwini wangayu anachita kundigwadira pondiuza."

Onse anatembenukira kwa telala. Iye anali atauza aliyense chomukomera, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi anayesetsa kuti nkhaniyo isatuluke awiriwo ali pamodzi. Koma mlandu suwola.

"Bambo, ndilembe ziti?" anafunsa Hana. "Mawa ndikawerenga pamaso pa kalasi yonse."

Kunamiza akuluakulu ndi tchimo, koma kutuma mwana kukanama pagulu n'koipa koposa. Telala, ngakhale anali wamantha, ankadziwa zimenezi. Anatsegula dilowa natulutsa kachitini ka mabatani, kadzimbiri, kojambulidwa duwa lofiira. Pansi pa duwalo panalembedwa kuti Hana.

"Utabadwa, amayi ako anandituma kukakulembetsa, atandiuza dzina," anatero akuyang'ana pansi. "Ndili pamzere ndinaliiwala. Kalaliki atandifunsa, ndinapisa m'thumba kufuna chopukutira thukuta, n'kupezamo aka. Pambuyo pake wogulitsa nsalu anandiuza kuti m'Chijapani ndi duwa."

"Nanga loiwalikalo linali lotani?" anafunsa Hana.

"Amayi ako akukana kundiuza mpaka lero."

Agogo a Magalasi anavula magalasi. "Ndiye kuti mdzukulu wathu tinachita kumutola m'chitini?"

"Tithokoze kuti m'thumbamo simunali mankhwala a makoswe," anatero Agogo a Mpango. "Mapanga awiri avumbwitsa, mkamwini. Taonani mmene mwanyowera."

Anaseka awiriwo mpaka kugwirana manja, chinthu chimene telala anali asanachionepo chikwatirire.

Hana analemba mosathamanga: chisomo, chimwemwe, duwa. Pansi pake anawonjezera kuti, "Bambo anga anaiwala, koma sanasankhe moipa." Kenaka anapempha kachitiniko kuti akaonetse anzake.

Telala anakhuthulira mabatani onse pa tebulo nampatsa. Agogo awiriwo anasendeza mipando, nayamba kusankhula mabataniwo, akuda pawokha, oyera pawokha, uku akufananiza zina zonse zimene iye anawauzapo. Telala anabwerera pa makina, koma ngakhale anapalasa mwamphamvu, phokoso la makinawo silinakwanire kuphimba mawu awo.