Ludzu la Mayi Inger

Achimwene anga a Maynard atha zaka zitatu ku yunivesite kuno ku Birmingham akufufuza mawu amodzi okha a Chingerezi, oti drink. Kunyumba kwathu ku Sparkhill timawaseka tonse. Munthu wosalawa ngakhale dontho la mowa, koma akufuna udokotala wa kumwa. Wotsogolera kusekako ndinali ine, chifukwa ntchito yanga yosamalira okalamba m'nyumba zawo imaoneka ndi maso, osati iyi yofukula mawu a anthu amene anafa kalekale.

Sabata yotentha ija ya mu Julaye ndinali kwa Mayi Inger ku Kings Heath. Mayiwa anabadwira ku Norway n'kukwatiwa kuno ali mtsikana, koma matenda oiwala anawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira chinenero cha paubwana. Kuyambira dzulo lake anali asanamwe kanthu. Ndikawapatsa kapu ya madzi, ankaikankhira kwa ine uku akulankhula mokalipa. Milomo yawo inali itauma mpaka kung'ambika. Nesi ananena mosapsatira kuti akabweranso n'kupeza zili choncho, aitana ambulansi. Mwana wawo Helen, amene chinenero cha amayi ake sanachiphunzire, ankadziwa kuti mayiwo akangotuluka m'nyumba imeneyo sadzabwereranso.

Ndinayesa jusi, ndinayesa tiyi, ndinayesa kuwamwetsa ndi supuni, koma ayi ndithu. Mantha anandigwira. Nditasowa pogwira, ndinapempha Helen kuti andilole ndiimbire achimwene.

"Achimwene, ku Norway drink amati chiyani?"

Mukanamva mmene mawu awo anakwerera, ngati mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale.

"Thandi, lero wafunsa iwe? Tamvera. Ajeremani amati trinken, Adatchi amati drinken, ku Sweden dricka, ku Iceland drekka. Onsewa ndi ana a mayi mmodzi, mawu akalekale oti drinkan. Komwe mayiyo anachokera, ma-professor akukanganabe mpaka pano. Ena amati poyamba ankatanthauza kukoka, monga momwe umakokera madzi m'kamwa, ndiye chapter yanga yachitatu..."

"Achimwene, client wanga akufa ndi ludzu. Lecture mukandipatse kunyumba."

"Pepa. Ndi drikke. Pouza munthu kuti amwe umati drikk. Ndiike pa speaker."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, kapu ndili nayo m'manja awiri. "Drikk," ndinatero.

Mayi Inger anandiyang'ana m'maso koyamba sabata imeneyo, nkhope yawo n'kuwala. Koma anakankhiranso kapu ija kwa ine, mawu akungotuluka mondondozana.

"Dikira, dikira," achimwene anatero pa foni, mpweya uli m'mwamba. "Ndamva gjest. Ndi mawu omwe aja a guest, Ajeremani amati Gast, ndipo muzu wake..."

"Achimwene."

"Akunena kuti mlendo ayambe. Thandi, sakukana madzi. Akukuuza iweyo kuti umwe."

Kukampani imene ndimagwirako ntchito anatiphunzitsa kuti za m'nyumba mwa wodwala sitilawa, ndiye nthawi zonse akandikankhira kapu ndinkapukusa mutu mwaulemu, uku ndikumwetulira monga anatiuzira. Ine amene, wokulira ku Ntcheu, kumene mlendo akakana thobwa mbiri yake imafika kumidzi ina dzuwa lisanalowe.

Nditamufotokozera Helen, anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi kapu ina. Ndinamwa yanga yonse osapumira, Mayi Inger akuyang'anitsitsa pakhosi panga kuti atsimikize kuti sindikunamizira. Anagwedeza mutu. Kenako anatenga kapu yawo n'kuyamba kumwa, mofulumira moti madzi ena anatsikira pachibwano n'kunyowetsa bulauzi.

Helen ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinapezeka ndikuomba m'manja ndili chigwadire. Pa foni achimwene ankafunsa mokuwa, munthu wina mulaibulale momwe anali akuwauza kuti atsitse mawu.

"Amwa? Thandi, tandiuza, amwa?"

"Amwa, adokotala," ndinayankha, ndipo ulendo uno sindinkawaseka.

Mayi Inger anaika kapu pansi. Anagwira jagi ya madzi imene inali pambali pawo ndi manja onse awiri, Helen akuwathandizira pansi pake, nathira m'kapu yanga kaye, kenako m'kapu yawo. Anaika jagi pamiyendo, maso ali pa ine. Ludzu lonse lija, milomo yong'ambika ija, mayi amene anali ataiwala ngakhale dzina la mwana wawo ankadikira kuti mlendo wawo ayambe wamwa.