Makina Amene Anakalowa M'khoti

"Sisi, tachotsani masikiyo, muli m'nyumba muno," anatero Kadata, maso ali pa foni.

Sisi sanachotse. Anali atafika dzulo lake ndi kachikwama kamodzi ndi mwana m'manja, ndipo chifikireni masiki inali kukamwa, ngakhale pomwa tiyi ankangoyikweza pang'ono. Kadata anayika foni pansi, zinthu zosachitikachitika, poti dzinalo analipeza chifukwa chopemphetsa data kwa aliyense. Anakoka kachingwe ka kukhutu kwa mkulu wake. Mlomo unali wotupa, wong'ambika pakona.

"Eee! Alamu achita zimenezi?"

"Tsitsa mawu, iwe."

Amayi anatulukira kukhitchini akupukuta manja. Anauona mlomowo, kenako anayang'ana kumbali.

"Alamu ako aimba foni. Akuti mawa masana abwera kudzamutenga," anatero. "Nthawi ino aliyense mutu sukuyenda. Basi yawo anayiimika, mwamuna ali pakhomo tsiku lonse, ndiye zimachitika."

"Zimachitika? Seriyasi, amayi?"

Sisi anafotokoza motsitsa mawu. Chiyambireni mliri iye ankasoka mamasiki kuyambira m'mawa mpaka msana kuchita kuuma. Alamu ankawanyamula kukagulitsa, n'kumauza anthu kuti atsegula kampani ndipo telala ndi iwo. Tsiku limene Sisi ananena kuti watopa, akufuna kupumako, yankho linali limeneli la pamlomoli.

"Ine ndinakula anthu akundiloza chala, ati mwana wa mkazi wothamangitsidwa," anatero Amayi. "Ndikudziwa kuwawa kwake. Mdzukulu wanga uyu sadzamva zimenezo. Mawa ubwerere."

Nkhani imeneyo aliyense m'banjamo ankayidziwa. Ati agogo aakazi, mayi awo a Amayi, anali amwano mpaka amuna awo anatopa nawo n'kuwathamangitsa, ndipo makina osokera anangowaponyera panja mwachifundo. Agogowo anamwalira Amayi akadali mtsikana, ndipo za banja lawo sankazikamba. Amene ankazikamba anali azakhali, alongo awo a agogo aamuna, ndipo ankazikamba ndi mchere womwe. Makinawo ndi omwe Sisi anapatsidwa pokwatiwa, omwe tsopano anali atatsala kwa Alamu.

Kadata anatola foni yake n'kuyamba kusikolola ngati sakumva. Koma sankasewera. Chitsekereni saluni imene ankagwirako ntchito, kuboweka kunamupangitsa kuyamba kufufuza za makolo awo. Pa gulupu ya banja anthu anali atatopa naye, daily kupempha zithunzi zakale ndi mayina a anthu akufa. Analemberanso ku ofesi yosunga mafayilo akale a khoti, basi mongoyesa, ndipo anamuyankha kuti fayilo ya agogo ilipo, koma kulowa sakulola, abwere pawindo lakuseri. Ulesi ndi umene unamugwira. Tsopano anayipeza meseji ija.

"Sisi, ndigawireni data."

"Ngakhale lero, Kadata?"

"Makamaka lero."

M'mawa mwake anafika ku khoti thukuta lili kamukamu. Pageti mlonda anamuloza kamfuti koyezera kutentha pachipumi, anamusambitsa m'manja pa ndowa ya mpopi, n'kumulozera kuseri. Kumeneko kunali windo lotseka, pansi atajambula mabwalo a penti oti anthu aziimamo motalikirana. Mkati munali mayi wina wonenepa, kalaliki, atavala magolovesi ndi masiki yothothoka ulusi m'mbali.

"Ndiwe wa fayilo yakale ija?" anakuwa kuseri kwa galasi. "Pepala silituluka, iwe sulowa. Ine ndizimata tsamba pagalasipa, iwe uzijambula. Koma changu, mkono wangawu si wa boma."

Tsamba loyamba linamatidwa pagalasi, lachikasu, zilembo za tayipi yakale. Dzuwa linkathwanima pagalasipo moti foni inkangojambula nkhope ya Kadata yemwe. Anavula jekete n'kudzifunditsa kumutu ngati wojambula wakalekale. Atawerenga mzere wapamwamba anatulutsa mutu.

"Anti, apa sanalakwitse potayipa? Pa wodandaula alembapo dzina la agogo aakazi."

"Alakwitsa chiyani? Agogo akowo ndi amene anabwera kudzasuma. Amuna awo anachita kukokedwa ndi samani." Mayiyo anayamba kuseka, masiki ikuvina. "Dikira tsamba lachitatu. Ine ndaliwerenga kawiri, ndaitananso anzanga a mu ofesi."

Tsamba lachitatu Kadata analiwerenga ali chiimire m'bwalo la penti, batire ili pa red. Anakuwa yekha mpaka mlonda anasuzumira.

"Anti, ndinu ngelo! Ndikupatseni chiyani?"

"Iwe thamanga, foni ikuthimira. Ukafuna undipezere masiki yabwino, iyi yatha ngati sokosi."

Anafika kunyumba n'kupeza kachikwama ka Sisi kali kale pakhomo, Amayi akupinda zovala za mwana. Kadata analumikiza foni ku chaja n'kukhala pansi pomwepo pafupi ndi soketi.

"Amayi, khalani pansi. Ndikuwerengerani, ndizimasulira, Chingerezi chake n'cha makolo."

"Za gulupu yako zija? Tili ndi zochita."

"Mayi anu sanathamangitsidwe. Anakasuma okha."

Manja a Amayi anaima pa kamalaya ka mwana.

Kadata anawerenga. Mkazi anauza khoti kuti mwamuna wake amamumenya ndipo akufuna banja lithe. Mwamuna anati palibe vuto, apite, koma makina atsale chifukwa ndi ake, telala pakhomopo ndi iye. Tsiku lotsatira mkazi anafika ku khoti atasenza makinawo yekha, n'kuwatula pansi pamaso pa woweruza.

"Atasenza?" anatero Sisi. "Chitsulo chimene chija?"

"Dikirani, pakubwera pokoma. Woweruza anauza mwamuna kuti, poti ndinu telala, sokani tione. Apa alemba kuti wodandaulidwa analephera kulowetsa ulusi, ndipo anadzibaya chala. Kenako mkazi anakhala pa makina n'kusoka thumba long'ambika la yunifomu ya mesenjala wa khoti. Khoti linayendera thumbalo n'kukhutira. Mwamva? Linayendera thumba!"

Sisi anaseka mpaka kugwira mlomo wowawawo. Amayi sanaseke.

"Za mwana sanalembe?" anafunsa chapansipansi.

Kadata anakuza chithunzi ndi zala. "Alemba. Mwamuna anafuna kuti mwana akaleredwe ndi alongo ake. Mkazi anati, makina mukhoza kundilanda ndikagula ena, koma mwanayu sindimusiya m'nyumba imene amabisala pansi pa tebulo bambo ake akamalowa. Khoti linapereka zonse kwa mkazi. Mwana ndi makina omwe."

"Werenganso pamenepo."

Anawerenganso.

"Pansi pa tebulo," anatero Amayi. "Linali ndi nsalu yobiriwira. Ine ndinkayesa ndinkasewera." Anapukuta m'maso ndi kamalaya ka mwana kaja, kenako kuseka kunawatulukira kwachilendo, kosakanikirana ndi misozi. "Azakhali aja! Bodza mpaka kulowa nalo m'manda! Zaka zonsezi ine kuyenda chowerama, kuchitira manyazi mkazi woti anasenza makina kukalowa nawo m'khoti!"

Anatembenukira kwa Sisi. Ulendo uno anauyang'ana mlomo uja osathawitsa maso.

"Mwana wanga, dzulo sindinakufunse. Iweyo ukufuna chiyani?"

Sisi anayankha kuti, "Ndikufuna makina anga. Ndi tulo."

"Kadata, kabwereke wilibala kwa aneba. Uwaimbire alamu ako, uwauze asavutike kubwera, tikubwera ndife," anatero Amayi.

Anawapeza Alamu pakhonde, atavala magalasi ndi masiki yosoka Sisi, akutsanzikana ndi mayi wa shopu amene ankaoda mamasiki ambiri. Makina anali pomwepo pakhonde, owonetsera makasitomala.

"Apongozi, mwachita bwino kumubweretsa. Maoda achuluka, ndipo..." Anaona wilibala. "Iyi ndi ya chiyani?"

"Tabwerera makina," anatero Sisi.

"Makina ake ati? Awa ndi a kampani. Funsani mayi awa, amene amawasokera ndine."

"Eya, amatero," anavomera mayi wa shopu.

Amayi sanakweze mawu. Anapita pa makina, anasolola ulusi wonse kuchokera pa singano mpaka pamwamba, n'kuwapatsa Alamu m'manja.

"Sokani imodzi tione, bambo telala. Mukasoka tibwerera ndi wilibala yathu."

Kadata anali atayatsa kale kamera. Alamu anakhala pampando monyada, anakoleka ulusi apa, anaukoleka apo. Mpweya wa mu masiki unachita nthunzi pa magalasi, anawavula, anapukuta, anavalanso. Atapondaponda, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kupotana ngati chisa.

"Aphonya ka huku kokolekapo ulusi kaja," ananong'ona Sisi.

"Kadata, zimitsa foniyo!" anakalipa Alamu.

"Ndi data yanga, alamu. Mwina ya Sisi, koma si yanu."

Mayi wa shopu anawomba m'manja kamodzi. "Koma abale! Ndiye miyezi yonseyi ndimayamikira munthu wolakwika? Mayi, ndipatseni nambala yanu," anatero akuyang'ana Sisi.

Alamu anaimirira, nkhope itafiira. "Ukachoka ndi makinawa usadzabwerenso pano!"

"Ndamva," anatero Sisi. "Gwira uko, Kadata."

Makinawo anali olemera zedi. Atatuwo anachita kubuula powakweza, ndipo Kadata anati agogo aja ayenera kuti anali ndi khosi la njanji. Anakankha mosinthana, wilibala ikulira msewu wonse, anthu akusuzumira m'mawindo poti masiku amenewo chilichonse chodutsa mumsewu chinali filimu. Panjira Kadata anaponya masamba onse a fayilo pa gulupu ya banja. Foni inayamba kunjenjemera osalekeza. Msuweni wina analemba kuti, Kadata lero data ndikugulira ndine.

M'mawa mwake makina ankalira pakhonde la Amayi. Sisi ankasoka kukamwa kuli pamtunda, mwana akukwawa pafupi ndi mapazi ake. Masiki yoyamba inali ya nsalu yamaluwa, yokulirapo. Anadula ulusi ndi mano a mbali yosawawa n'kumupatsa Kadata.

"Iyi ndi ya anti ako a pawindo. Ndidikire ndivale nsapato."

"Mukupita nawo?"

"Eya. Ukawafunse kuti windo la milandu yatsopano lili pati."

Amayi anamunyamula mdzukulu wawo n'kuwatsegulira geti.